Mtengo wa Galimoto ya Anankhuku

Amene amati Anankhuku ndi mayi ovuta ndi anthu oti sanadzukepo m'mamawa n'kupakira nkhuku makumi asanu m'galimoto, pomaliza n'kupeza tayala laphwa. Kuvuta kwake kuti? Mawu ndi okweza, zimenezo palibe angakane. Akamayankha foni pakhomo pawo, a nyumba yachitatu amadziwa mtengo wa nkhuku tsiku limenelo. Ukawabwezera chenje choperewera amakutsata mpaka kwanu. Koma funsani mumsewu wonsewo kuti mkazi wa wowotcherera zitsulo ananyamulidwa ndi ndani kupita kuchipatala nthawi yake itakwana, mvula ili pakati. Funsani kuti ana ochedwa mayeso ankathamangira pageti la ndani. Ndiye wina aziti ovuta? Azikhala chete.

Dzinalo linachokera pantchito. Anayamba ndi nkhuku zisanu m'dengu la pamutu, mwana ali kumsana, amuna awo akungoyamba kumene utelala pakhonde la sitolo ya munthu. Dengu linasanduka wilibala, wilibala inasanduka njinga. Kenako kunabwera galimoto, yoyera, yaitali kumbuyo, ya zitseko zisanu, imene anaigula kwa m'busa wina amene ankasamuka. Kuyendetsa anaphunzirira pabwalo la mpira, akukalipira mphunzitsi wawo yemwe. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse kupatula Lamlungu, ankapinda mpando wakumbuyo, n'kusanja makileti a nkhuku zamoyo mpaka kudenga, n'kuzungulira malesitilanti, malo ogona alendo ndi nyumba za mageti aatali. Zaka zoposa khumi, osadwala, osapuma.

Chimene chinawaimitsa si kutopa. Ndi diso. Lakumanja linayamba kuchita chifunga, ndipo tsiku lina dzuwa likuthwanima pagalasi anangomva khu, galasi la pambali lakhudza chigongono cha wanjinga amene sanamuone n'komwe. Munthuyo sanavulale, anangotukwana. Iwonso anabweza, poti Anankhuku sasiya mawu ali pansi. Koma atafika kunyumba anaika makiyi pa makina osokera a amuna awo.

"Bambo, ine kuyendetsa ndasiya. Sindifuna kupha mwana wa eni chifukwa cha nkhuku."

Atelala anachotsa mapini pakamwa. "Nanga tizidya chiyani, mayi?"

"Nkhuku zomwezo, koma zozizira."

Chipinda chochitiramo malondawo anali atachiona kale. Chinali kuseri kwa msika, moyang'anana ndi pokwerera minibasi, cha chitseko chachitsulo ndi magetsi akeake. Maganizo awo anali oti aikemo mafiriza awiri, azigulitsa nkhuku zososola atakhala pampando, ogula azibwera okha. Mwini nyumbayo, bambo wa mimba yotsogola amene sasekerera munthu wopanda ndalama, anawauza mosapita m'mbali: lendi ya chaka chonse pofika kutha kwa mwezi, apo ayi kiyi apita kwa wometa tsitsi amene ankamuimbira foni tsiku ndi tsiku. Lendi, mafiriza ndi nkhuku zoyambira, zonse pamodzi mamiliyoni anayi. Ndalama imeneyo kubanki kunalibe, pansi pa matiresi panalibe. Inali panja, itaima pa matayala anayi pansi pa mtengo wa mapeyala.

Anapita nayo kugalaja, mwana wawo wamwamuna akuyendetsa, kuti makaniko aione komaliza. Makaniko ameneyu ndiye anaisamala kuyambira tsiku loyamba, munthu wamtali wosalankhulalankhula, wa ovolosi yoti mtundu wake weniweni palibe ankaukumbukira.

"Mwaganiza zingati, mayi?"

"Mamiliyoni asanu ndi awiri."

Makaniko anatulutsa mutu pansi pa boneti. "Pamodzi ndi nyumba?"

"Usandiseke, iwe. Injini unaitsitsa wekha chaka chatha. Matayala onse anayi ndi atsopano, batire ndi ya dzanadzanali. Mashoko, kilatchi, penti ya chitseko. Ukuganiza kuti ndinkakulipira masamba?"

"Munkalipira kuti iyende, ndipo inayenda. Zimenezo munadya kale. Wogula safunsa kuti munawononga zingati. Amafunsa kuti ina yonga iyi akaipeza zingati."

"Ina yonga iyi kulibe."

"Pitani Loweruka kumsewu waukulu mukaone azichemwali ake."

Anapitadi, atavala diresi la kutchalitchi, chikwama chili m'khwapa ngati munthu wobwera kudzagula. Kumeneko galimoto zimandanda m'mbali mwa msewu, iliyonse ndi pepala la mtengo pagalasi, ndipo pakati pake pamayendayenda madobadoba, anyamata a nsapato zosongoka amene amagulitsa galimoto za eni n'kudyerapo. Anankhuku anawakhetsa thukuta. Anaponda matayala, anasolola waya wa oyilo n'kupaka pachala, anauza wina kuti alize injini iwo ataima kumbuyo kudikira utsi. Za mtundu wa yawo, za msinkhu wa yawo, zinalipo zitatu. Ina inalembedwa mamiliyoni asanu koma ikamalira inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta. Ina anayi ndi theka, matayala osalala ngati chipumi. Ya asanu ija anaikakamira dala kuti aone pothera pake, ndipo asanamalize botolo la zoziziritsa kukhosi mnyamata anali atatsika mpaka anayi ndi kanthu pang'ono.

Anankhuku akaona chinthu ndi maso, ngakhale ndi diso limodzi, satsutsa. Anabwerera kunyumba asanu ndi awiri aja atawasiya kumsewu konko.

"Pagalasi tilemba anayi ndi theka," anauza amuna awo. "Thekalo ndi la wogula, alitafune amve kuti wandigonjetsa. Anayiwo ndi anga. Pamenepo sinditsika ngakhale abwere ndi abusa."

Dobadoba wina anawatsata mpaka pageti, ati awagulitsire, iye angotengapo kochepa. Anamufunsa ngati anawathandizapo kukankha tsiku limene inazima pamphambano. Anachoka yekha.

Anaitsuka mpaka kuwala, mwana wawo anaijambula n'kuika zithunzi pafoni, ndipo foni inayamba kulira tsiku lomwelo. Mtengo unali wabwino, zimenezo zinaonekeratu, chifukwa anthu sathamangira chinthu chodula.

Woyamba kufika anali mphunzitsi wina wa kusukulu, pamodzi ndi mkazi wake. Anaizungulira kawiri akugwedeza mutu. Injini inalira kamodzi n'kamodzi, phee, yopanda phokoso. Analoza kamzere kokalika pabampala, ndipo Anankhuku anamufotokozera mbiri ya kamzereko, dzina la ngolo imene inakakala ndi khalidwe la mwini ngoloyo, mpaka mphunzitsi analapa kuloza. Kenako anatsegula chitseko n'kukhala pampando. Sanakhalitse. Anatuluka akuphethiraphethira, mkazi wake atabwerera kale mpaka pageti, kampango kali pakamwa ngati wa chifuwa.

"Tikaganize kaye, mayi."

"Kaganizeni. Koma mukabwera mawa mupeza mthunzi wokha."

Sanabwerenso. Wachiwiri anali mnyamata wa kubanki, wa taye. Uyu anayesako kuyendetsa, koma anatsegula mawindo onse anayi ngakhale kunja kunali kamphepo, mutu uli theka kunja ngati galu wa bwana. Atabwerera anati awiri ndi theka.

"Chalakwika n'chiyani, bambo? Injini?"

"Injini ili bwinobwino."

"Giya?"

"Ayi, zonse zili bwino. Kungoti awiri ndi theka basi."

"Awiri ndi theka mukagule njinga yamoto ndi chipewa chake."

Wachitatu anangolowetsa mutu pawindo n'kukumbuka kuti ali ndi foni yofunika kuimba. Wachinayi chimodzimodzi. Onse ankafika akumwetulira, onse ankachoka akuthamanga, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wonena chifukwa. Anankhuku anati ndi madobadoba akuwaipitsira mbiri. Atelala anati mwina mtengo. Makaniko anabwera n'kugona pansi pake theka la tsiku, natuluka akuti galimoto ilibe mlandu. Mwezi unali utapinda kale msana, ndipo mwini chipinda uja anaimba foni kungofuna kudziwa ngati mayi akadali ndi moyo.

Chinsinsi chinaululika chifukwa cha mpongozi wawo. Mwana wawo wamwamuna anali atakwatira chaka chomwecho, mtsikana wofatsa wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Anali woyembekezera, ndipo tsiku limenelo ankapita kusikelo.

"Tenga makiyi umuperekeze mkazi wako," Anankhuku anauza mwana wawo. "Ikadali yathu."

"Ndingokwera minibasi, amayi," anatero mpongoziyo.

"Minibasi? Ndi mdzukulu wanga m'mimbamo? Azikakupanikiza ndi matumba a makala galimoto ili pakhomo?"

"Sipatali, amayi."

"Kwera."

Anakwera. Galimoto inangofika pageti, chitseko chinatseguka, mtsikana n'kugwada m'ngalande kusanza. Anankhuku anathamanga ndi madzi m'kapu, akumusisita kumsana.

"Ndi mimba," anatero mwamuna wake. "Miyezi imeneyi zimatero."

Mtsikanayo anachukucha m'kamwa n'kuyang'ana pansi. "Si mimba yokha."

"Nena, mwana wanga. Ine sindiluma."

Atelala, amene anali atatuluka tepi ili m'khosi, anatsokomola.

"Galimotoyi imanunkha, amayi."

"Imanunkha chiyani?"

"Khola. Khola loti lavumbidwa ndi mvula, kenako dzuwa n'kuwomba. Pepani, amayi. Tsiku la ukwati wathu mayi anga atatsikamo anakachapa diresi kawiri."

Anankhuku anapita pagalimoto, analowetsa mutu mpaka m'mapewa, nakoka mpweya wodzaza chifuwa. Palibe. Anakokanso. Kafungo ka sopo basi.

"Bambo, tabwerani mununkhize."

Atelala ananunkhiza mwaulemu, mbali iyi ndi iyo. "Ine ndikumva sopo, mayi."

"Iwe?"

Mwana wawo anakanda m'mutu. "Mwina kafungo ka mipando pang'ono."

Banja lonse mphuno zinali zitafa. Nanga zikanalekeranji? Mnyamatayo anakulira pampando wakutsogolo makileti ali kumsana kwake. Atelala amagona pafupi ndi munthu amene wakhala tsiku lonse m'nthenga. Makaniko naye, mphuno yake inamira kalekale mu petulo. Anankhuku sanakhutire. Anawoloka msewu mpaka kwa mkazi wa wowotcherera zitsulo, namupeza akuyanika zovala.

"Iwe, ndiuze zoona, usandinyengerere. Galimoto yanga imanunkha?"

Mayiyo anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. "Mayi, tsiku lija munandinyamula, ndinapirira zinthu ziwiri. Chinacho chinatha mwana atabadwa."

Msewu wonse unkadziwa. Msewu wonse, zaka zonsezo. Ankakwera, ankathokoza, ankatsika n'kukapuma kuseri kwa nyumba, osatsegula pakamwa ndi mmodzi yemwe. Amantha okhaokha. Zinatengera kamtsikana kolankhula monong'ona kuti mayi amve zimene aliyense ankanena iwo akatembenuka. Anankhuku anabwerera pakhomo, anaima kutsogolo kwa mpongozi wawo, ndipo onse anadikira bingu.

"Iwe ndiye munthu panyumba pano," anatero. "Tenga ya minibasi m'chikwamamo."

Masiku otsatirawo inali nkhondo. Anachotsa mipando n'kuitsuka ndi sopo waufa. Anamwaza makala pansi usiku wonse, anafinyira mandimu, anagula timitengo tonunkhira topachika pagalasi mpaka asanu, anapopera perefyumu wa mpongozi botolo lonse. Madzulo aliwonse mtsikanayo akaweruka ankaima chapatali, n'kusendera pang'onopang'ono ngati munthu woyandikira galu wolusa, Anankhuku akudikira chigamulo.

"Bwanji lero?"

"Lero ikumveka ngati nkhuku yopita ku ukwati, amayi."

Makaniko anakanganula kapeti n'kuwaonetsa. Pansi pake panali chinsalu chokhuthala chimene chinamwa madzi a zitosi kwa zaka zonsezo mpaka kuuma gwa ngati chikumba. Fungo linalowa m'masiponji a mipando, m'nsalu ya kudenga, m'mapaipi a mpweya. Kusintha zonsezo, anati, ndi ndalama yoyandikira miliyoni, ndipo ikatuluka idzakhalabe galimoto yakale ya mamiliyoni anayi.

"Tsitsani mtengo, mayi," anatero atelala madzulo ake, akusoka mpendero osadzutsa mutu. "Atatu. Inayo tiona kochita."

"Kochita kuti? Mugulitsa makinawo?"

Makina anaima. Anankhuku anakhala pakhonde akuyang'ana galimoto yawo. Kenako anamenya ntchafu.

"Mtengo sunalakwike. Galimoto sinalakwike. Ndaitana anthu olakwika. Ine ndikufuna wogula wopanda mphuno."

"Alipo wotero?"

"Alipo mmodzi. Ndipo ndimadana naye."

Atelala anadziwa amene akunenedwa. Amake Mapasa ankagulitsa nkhuku zamoyo pakhomo la msika, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, wa makola atatu kunyumba kwake. Kalekale anawalanda Anankhuku lesitilanti ina potsitsa mtengo mwakabisira, ndipo kuchokera apo moni wawo unali wa m'mphuno. Laisensi anali nayo, anaitenga chaka china akuyembekezera galimoto imene sinabwere. Nkhuku zake zinkafika pamsika pa njinga zamoto, zitamangidwa miyendo, mitu ili pansi, ndipo nyengo yotentha zingapo zinkafika zitafa.

M'mawa mwake Anankhuku anauza mwana wawo kuti aimike galimoto kutsogolo kwenikweni kwa benchi la Amake Mapasa, n'kusiya makiyi momwemo.

"Mwanditsekera ogula, Anankhuku."

"Ogula ake ati? Ndaona ntchentche zokha."

"Ntchentche zabwera ndi inuyo. Mwasowa kotaya chiphakasa chanuchi?"

"Ndabwera kudzakuchotsani manyazi. Mayi wamkulu ngati inu, wa makola atatu, kumathamangitsa njinga yamoto mukukuwa kuti samala nkhuku. Laisensi ija mumapepesera moto?"

Amake Mapasa anapukuta manja pa epuloni. Anaizungulira galimoto mosafulumira, nkhope itakwinyika ngati akuona chonyansa, koma chala chinkasisita matayala. Analowa, anatseka chitseko, anakweza windo chifukwa kunja kunali fumbi. Anankhuku anamuyang'anitsitsa pawindo. Mayiyo anakweza mphuno n'kununkhiza.

"Mwathiramo chiyani muno? Perefyumu ameneyu andidwalitsa mutu."

"Atha yekha pakapita sabata."

"Atatu," anatero Amake Mapasa, manja ali pachiwongolero. "Ndipo ndikukuchitirani chifundo. Ndamva kuti wometa tsitsi wayamba kale kuyeza khoma lopachikapo galasi. Mwezi ukutha, achemwali."

Pamsika palibe chobisika. Anankhuku sanaphethire.

"Za mtengo tikamba mawa. Mawa m'mawa mubwere kwathu ndi nkhuku zanu makumi atatu. Zanu, osati zanga. Muyendetsa ndinu."

"Kupita kuti?"

"Mukaona."

Anabweradi, poti chidwi chimaposa chidani. Anasanja makileti, Amake Mapasa anakhala pachiwongolero, Anankhuku pampando wa pambali umene sanaukhalepo galimoto ikuyenda ndi nkhuku. Ulendo wonse pakamwa sipanatsekeke.

"Chotsani phazi pa kilatchi, si popumira pamenepo."

"Ndimadziwa kuyendetsa."

"Giya yachiwiri musaikakamize, muziinyengerera. Imafuna ulemu, osati ngati mmene mumachitira ndi amuna anu."

"Amuna anga sadandaula."

"Angayerekeze?"

Pageti loyamba, la malo ogona alendo, mlonda anangoona galimoto yoyera ikukhota n'kutsegula asanafunse kanthu. Wophika anatuluka ndi beseni, akupukuta manja. Anaona nkhope yachilendo pachiwongolero n'kuima.

"Awa ndi achemwali anga," anatero Anankhuku, mawuwo akuwawa ngati mankhwala a malungo. "Nkhuku zawo ndi zonenepa, kwezani muone."

Wophika anakweza ziwiri m'miyendo, anagwedeza mutu, natenga khumi. Pa lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni anatenga zisanu ndi zitatu. Panyumba ya dokotala wa mano wantchito anali ataima kale panja ndi ndalama m'manja. Kwina mayi wokalamba anatenga imodzi yokha koma anawapatsa tiyi. Dzuwa lisanayambe kuluma makileti anali mbee, nthenga zokha zikuuluka. Amake Mapasa, amene pa benchi lake nkhuku makumi atatu zimamufikitsa madzulo, anaimika galimoto pamthunzi m'mbali mwa msewu n'kuzimitsa injini.

"Tsopano mvetserani," anatero Anankhuku. "Sindikubisirani kanthu, chifukwa tizionana tsiku ndi tsiku ndipo sindifuna mudzandiimire pakhomo la shopu. Oyilo imamwa pang'ono, muziyang'ana Lolemba lililonse. Chitseko chakumbuyo kumanzere chimatsegukira kunja kokha. Giya yachiwiri mwaiona. Ndipo anthu a mphuno amati imanunkha, ndiye mukadzatopa nayo musadzavutike kuitanira aphunzitsi. Chitsulo chokhachi, ndi fungo lake, ndi atatu ndi theka."

"Ndiye mwatsika."

"Sindinatsike. Theka linalo ndi mageti."

"Mageti si anu. Ndi a eni nyumba."

"Pitani mawa pa njinga yamoto muone ngati mlonda uja akutsegulireni. Wophika ujatu ndinamuzolowetsa zaka zisanu asanasiye kundiwerengera nthenga. Sabata yamawa ndikwera nanu tsiku lililonse, ndikusiyani m'manja mwawo mmodzimmodzi, manambala a foni ndikupatsani, ndi amene amalipira mochedwa ndikuuzani. Mukakana, madzulo ano ndipita kwa mnyamata wogulitsa mazira pamsika uja. Naye mphuno alibe."

"Uja alibenso ndalama."

"Ali ndi amalume."

Amake Mapasa anasisita chiwongolero. Anayang'ana makileti opanda kanthu pagalasi la pamwamba.

"Mukanakhala munthu, mukanandiuza kale kuti kuseri kuno kuli ndalama zotere."

"Mukanakhala munthu, simukanandibera lesitilanti."

"Lesitilanti ija inatsekedwa isanandilipire miyezi iwiri."

"Ndinamva. Ndinaphika nyama tsiku limenelo."

Amake Mapasa anaseka osafuna, kuseka kotuluka m'mphuno. "Anayi ndilibe. Ndikakokota konse, pa anayipo paperewera zikwi mazana awiri. Zinazo zili m'khola, zikudya."

"Ndiye zituluke m'kholamo. Nkhuku makumi atatu ndi zisanu, zososola, zotsuka, pa mtengo wopikulira. Zidzafike tsiku limene firiza yayaka."

"Makumi atatu."

"Ndi zisanu. Ndipo ziwindi ndi nthutumba zikhale momwemo, ndimakudziwani."

"Mudzafa muli nokha, Anankhuku."

"Inu mudzabwera, kudzaona ngati ndafadi."

Anagwirana chanza osayang'anana. Tsiku lotsatira anakasintha mapepala ku ofesi, atakhala benchi limodzi pamzere, akukangana za amene alipire chidindo mpaka kalaliki anawapempha kuti atsitse mawu. Masana ake galimoto inatuluka pageti komaliza, ikudumphadumpha pa giya yoyamba. Anankhuku sanaiperekeze ndi maso. Analoza banga la oyilo pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuuza amuna awo kuti athirepo mchenga ana angaterereke, kenako anamanga chikwama m'khwapa n'kuyamba wapansi kupita kumsika.

Anankhuku anamupeza mwini chipinda atakhala pampando wapulasitiki pakhomo lachitsulo lija, kiyi akumuzunguza pachala.

"Ndimayesa mwasintha maganizo, mayi. Wometa uja amabwera mawa ndi ndalama."

"Akamete kwina. Tsegulani."

Analowa, chikwama chikadali chotseka. Anagogoda khoma, anayang'ana kudenga ngati kuli podontha, anapondaponda simenti ya pakona. Kenako anatulutsa chaja cha foni n'kulowetsa m'soketi yoyamba. Foni inayaka. Anachisolola n'kulowetsa m'yachiwiri. Palibe. Anagwedeza, anakankha, palibe.

"Bambo, mafiriza anga ndi awiri. Soketi yamoyo ndi imodzi."

"N'zazing'ono zimenezo. Muitana wamagetsi."

"Muitana ndinu, lero, ine ndikuona. Akamaliza ndiye chikwamachi chitseguke."

Bamboyo anayang'ana chikwama, anayang'ana mayi, natulutsa foni m'thumba. Anankhuku anakoka mpando wake wapulasitiki uja, anauika pakati pa chitseko, n'kukhalapo.